Khomo Lothawira Moto ndi Chiwaya cha a Mulipa

Lolemba

Kalata yafika. Yabwera ndi wakabaza, itanyowa m'makona.

Mayi woyendera nyumba zosonkhanamo anthu akubwera Lachisanu, 10 koloko m'mawa, kudzaona holo yathu ya pano pa Chinakanaka, imene ndimayang'anira ine. Akufuna kudzapeza zinthu zinayi:

1. Chitseko chakumbuyo chizitsegukira kunja, ndipo chisakhale ndi loko anthu akakhala mkati.
2. Njira yopita pachitsekocho ikhale yopanda katundu, mkati ndi kunja komwe.
3. Botolo lozimitsira moto ndi ndowa za mchenga.
4. Chikwangwani chosonyeza posonkhana anthu akathawa moto.

Zikapanda kutero, holo itsekedwa tsiku lomwelo.

Loweruka ndi ukwati wa Esnati, mwana wanga woyamba. Madyerero ake ndi muholo momwemu. Makadi anapita kale mpaka ku Milonde, kwawo kwa mwamuna.

Kalatayi ikuyamba ndi mawu akuti, "Potsatira dandaulo lanu la mwezi wa Febuluwale." Dandaulo limenelo ndinalemba ndine. Ndinkangofuna kuopseza komiti ya holo. Za chitseko chimenechi ndanena pamisonkhano isanu, ndipo nthawi zonse tcheyamani wathu, a Namakhwa, amati, "Zimenezo tidzaziona." Iwo amati loko akachoka, anthu azilowera kuseri paukwati osaitanidwa, mipando nayo izitulukira komweko. Ine ndimayesa kalata zopita ku boma siziyankhidwa. Iyi yayankhidwa, sabata inoyo!

Ndaipinda kanayi, ndaiika m'thumba la jekete. Amake Esnati ndangowauza kuti kukubwera alendo a ku boma. Ati, "Bola asatidyere nkhuku." Iwo nkhawa yawo ndi chiperoni basi. Anakana tenti, anakana bwalo la tchalitchi, ati mwana wawo sangavine m'matope bambo ake ali ndi makiyi a holo. Sindinatsutse. Mudzi uno ndi wawo, ine ndinangobwera ndi sutikesi.

Mantha ndilibe. Ndagwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'fakitale ya tiyi, ndipo wenzulo yochenjeza za moto ndinkaliza ndine. Fakitale yonse inkatuluka m'mphindi zitatu.

Dongosolo:
Lachiwiri, kuchotsa katundu.
Lachitatu, kalipentala, ndowa, chikwangwani.
Lachinayi, kuyeserera.
Lachisanu, chiphaso.
Loweruka, suti.

Kiyi wa loko wa chitseko chakumbuyo chija sali pamulu wanga. Zazing'ono.

Lachiwiri

Kuseri kwa siteji, pamene pali chitsekocho, ndikupeza:

- mabenchi asanu ndi limodzi othyoka miyendo
- ng'oma ziwiri za kwaya, imodzi yobooka
- bolodi la sukulu ya kwacha
- matumba anayi a nandolo a Mayi Namakhwa, akazi a tcheyamani
- matayala a njinga, mwini wake sakudziwika
- nkhuku ya mlonda, itafungatira mazira khumi ndi limodzi m'katoni

Mabenchi ndatulutsa. Nandolo akuti adzatengedwa ogula akayamba kulankhula zanzeru, ndiye ndawakokera ndekha muofesi. Msana ukudziwa.

Nkhuku ayi. Mlonda akuti thadzi lofungatira ukalisuntha mazira amasukusa, ndipo kwatsala masiku ochepa kuti aswe. Ndamuuza kuti lamulo silidziwa nkhuku. Wandiyang'ana, nkhuku nayo yandiyang'ana. Tagwirizana kuti aichotsa Lachinayi, mwaulemu.

Za kiyi. A Namakhwa akuti ali ndi mlembi. Mlembi akuti anali ndi msungichuma wakale. Msungichuma wakale tinamuika m'manda zaka zitatu zapitazo. Mkazi wake wandipatsa chitini cha mkaka chodzaza makiyi, ati, "Ngati mulibe umu, ndiye kuti anapita naye." Ndayesa onse, mmodzimmodzi. Anapita nayedi.

Ndabwereka sowo yodulira zitsulo kwa wokonza njinga. Loko waduka 3 koloko masana. Ndikukoka chitseko, chikulira ngati mbuzi, chatseguka mpata wa chikhatho chimodzi. Kwalowa utsi ndi fungo la tchipisi.

Kunja kuli a Mulipa!

Kuti amakazinga tchipisi kuseri kwa holo ndimadziwa, ndimagula komweko. Koma sindinaganizepo kuti thabwa limene amatsamira lija ndi chitseko chathu. Chiwaya chili phazi limodzi kuchoka pakhomo. Chisakasa chawo anachikhomerera kufelemu. Pachitseko penipenipo pali msomali wa kalendala, msomali wa chipande, ndi kagalasi kodziyang'anira.

Ndiye kuti munthu wothawa moto muholo angatulukire pamoto umene suzima chaka chonse pa Chinakanaka pano.

Ati, "Akulu, tatsekani, mukundilowetsera mphepo."

Ndatseka.

Lachitatu

M'mawa, zokambirana ndi a Mulipa. Ndawaonetsa kalata, chala changa chili pamzere woyamba kuti asawerenge za dandaulo.

Mfundo zawo: akhala pamenepa zaka zisanu ndi zinayi. Ndi malo okhawo amene mphepo ya kuphiri siwomba. Makasitomala anazolowera. Chitsekocho sichinawadandaulepo. Ati, "Moto ndimaswera nawo ine, akulu. Inuyo mumangouwerenga papepala."

Mfundo zanga: lamulo.

Avomera kusuntha mapazi khumi, mpaka Lachisanu masana. Ndayeza ndekha, ndalemba mzere ndi phulusa. Zambiri sindikufuna kukakamira, chifukwa nkhuku za paukwati akukazinga ndi iwowa, ndipo amake Esnati andichenjeza kuti a Mulipa akakwiya amachulutsa mchere.

Botolo lozimitsira moto lapezeka. Ndi lomwe lija timatsekereza nalo chitseko cha ofesi kuti chisamenyeke ndi mphepo. Kamuvi kake kali pofiira. Ndaligwedeza, mukumveka kenakake. Ndalipukuta ndi kansanza, likuwala. Amalidzaza ku Limbe, ndipo amene akupita ku Limbe sabata ino ndi a Namakhwa, omwe ati zimenezo tidzaziona.

Ndowa zitatu: ndazipaka penti wofiira, ndalemba MOTO, ndadzazamo mchenga wa kumtsinje, wosefa bwino. Ndaziika pamzere pafupi ndi siteji. Zokongola zedi!

Chikwangwani: thabwa lobiriwira, zilembo zoyera, POSONKHANA PAKABUKA MOTO. Ndachizika pansi pa mtengo wa mango, kutsogolo kwa holo. Akabaza ayamba kale kutsamiritsapo njinga, ndiye ndathira simenti patsinde kuti asachigwetse.

Kalipentala, a Sozinyo a ku Limbuli, afika 4 koloko madzulo m'malo mwa 8 m'mawa. Ayang'ana chitseko, agogoda, anunkhiza. Akuti thabwa lake ndi mkungudza weniweni wa kuphiri, wakalekale, masiku ano sungaupeze, koma lamwa mafuta a tchipisi mpaka mkati. Ati, "Chitseko ichi, bwana, mutha kuchidya ndi kabichi." Mahinjesi atembenuza mawa, lero anangobwera kudzachidziwa.

Kunyumba sikukuyendeka. Azimayi akusinja chimera cha thobwa, mapoto obwereka ali mbwee pabwalo, malo okhala ine palibe. Esnati wandiitana kuchipinda, wandionetsa diresi. Ndati ndi labwino, ndipo ndi labwinodi. Wandifunsa ngati holo ili bwino. Ndati ili bwino kuposa kale lonse.

Lachinayi

A Sozinyo amaliza 11 koloko. Chitseko chikutsegukira kunja! Ndachikankha kasanu ndi kawiri, ndi chala chimodzi chokha. Kunja kuli mbee, a Mulipa ali kuseri kwa mzere wawo. Ndachipaka penti wobiriwira wa mafuta kuti chifanane ndi chikwangwani. Lero mtima uli m'malo.

Masana, kuyeserera. Muholo muli azimayi makumi atatu a komiti ya ukwati, akupachika nsalu ndi mabaluni. Ndawafotokozera bwinobwino: wenzulo ikalira, siyani chilichonse, osathamanga, tulukirani khomo limene muli nalo pafupi, tikakumane pachikwangwani. Onse ati amva.

Ndaliza wenzulo.

Zotsatira:

- asanu akupitiriza kupopa mabaluni
- ena akufunafuna masilipasi
- mmodzi watuluka, wabwerera kudzatenga beseni
- awiri akundifunsa ngati ndayamba kuimbira mpira
- otulukira khomo lakumbuyo: palibe

Mphindi khumi ndi zinayi. Kukanakhala kwenikweni, bwenzi tonse tili makala.

Ndafunsa chifukwa chake. Mayi Namakhwa anali mapazi awiri kuchoka pachitseko chatsopanocho, koma adutsa holo yonse kukatulukira kumaso. Ati, "Munthu amatulukira pomwe analowera, bambo. Wotulukira kuseri ndi wakuba, apo ayi chibwenzi cha mwini nyumba. Ine ndine mayi wa mumpingo." Onse awomba m'manja.

Ndikubwerera mkati. Ndowa palibe!

Ziwiri zapezeka kumafuwa, kumene akuphikira. Mchenga akutsukira mapoto a ukwati, akuti sanaonepo mchenga wabwino chonchi, wosakanda. M'ndowa ina athiramo thobwa, inayo aviikamo nyemba. Amake Esnati ati ndowa zibwezedwa Lamulungu, ndipo ngati a boma akufuna mchenga, mtsinje sunasamuke.

Yachitatu yangosendezedwa pakona. Mlonda wasunga lonjezo lake, wachotsa nkhuku panjira. Wayala udzu pamwamba pa mchenga m'ndowamo, mazira pamwamba pa udzu, nkhuku pamwamba pa mazira. Kutsogolo kwalembedwa MOTO.

Chakumadzulo phiri lasowa. Chiperoni chatsika, kamvula kakuwaza mopingasa. Amake Esnati ayang'ana kumwamba, ati, "Mwaona? Akanakhala tenti uja." Kenaka andisisita paphewa, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

Potseka holo ndikuona a Mulipa akukoka chisakasa chawo. Ati moto ukuzima, akungobisala pang'ono m'khonde, mawa abwerera pamzere. Mzere wa phulusa wakokoloka kale. Ndiwakumbutsa mawa 9 koloko, nthawi ilipo.

Lachisanu

Mayi woyendera afika 8 koloko, osati 10! Panjinga yamoto, jekete la mvula, faelo ili m'pulasitiki. Akuti ali ndi maholo atatu lero, ndiye ayambira yathu. Moyo wanga wonse ndakhala ndikudandaula kuti a boma amachedwa.

Muholo muli a Namakhwa, amake Esnati ndi azimayi akukonza matebulo. Mlendoyo apereka moni mwaulemu, kenaka afunsa kuti bambo amene analemba kalata ya mu Febuluwale ndi ati. Aliyense akuyang'ana mnzake. Ndakweza dzanja pang'ono. Andigwira chanza, ati anthu oganizira miyoyo ya anzawo chonchi ndi osowa, pakanapanda ine sakanabwera n'komwe.

Amake Esnati aika mbale pansi pang'onopang'ono. Andifulatira. Takhala zaka makumi atatu, ndikudziwa kuti bola akamakalipa.

Chikwangwani: achonga. Njira ya mkati: achonga. Ndowa: ayang'ana nkhuku, alemba mzere wautali. Botolo: alinyamula ndi zala ziwiri, alembanso.

Chitseko. Ndikufuna ndizungulire kaye ndikaone kunja, ati ayi, pangozi palibe amene amazungulira. Akuti chitseko chothawira moto sitiyesa ndi chala, timachiyesa monga munthu wamantha. Abwerera m'mbuyo mapazi atatu, achigunda ndi phewa.

Phokoso la chiwaya. Mawu a a Mulipa, m'Chilomwe, amene sindilemba muno. Mafuta onse akhuthukira pankhuni. Lawi lakwera chitseko nthawi yomweyo: mkungudza, mafuta a zaka zisanu ndi zinayi, penti wa dzulo.

Ndaliza wenzulo. Ndanyamula botolo, ndasolola kapini, ndafinya. Lati pfuu kamodzi, basi. Mzimayi wina akuthamanga ndi ndowa yofiira, muli thobwa, mayi woyendera amugwira mkono, ati moto wa mafuta sathira madzi. Ndowa ya mchenga mlonda wathawa nayo chikumbatire, nkhuku ili momwemo.

Moto azimitsa a Mulipa, ndi masaka onyowa ndi dothi la m'munda wa chinangwa wa pafupi. Palibe wapsa, kupatula nsidze zawo ndi tchipisi cha m'mawa.

Azimayi onse atuluka mphindi imodzi isanathe, khomo lakumaso, masilipasi atawasiya mkati. Akaima pachikwangwani mwadongosolo. Ndikulemba izi poti ndi zoona.

Chitseko chatha, kwatsala mahinjesi. Felemu ndi makala, ndipo mtanda umodzi wa denga wawauka kunsonga. Mayi woyendera ati holo yatsekedwa mpaka katswiri wa zomangamanga adzaone dengalo, mwina sabata yamawa. Mipando tikhoza kutulutsa lero, anthu ayi, asasonkhanemo.

Ndawauza za mawa, za Esnati, za anthu a ku Milonde amene abwereka lole. Ndagwada, ine ndi imvi zangazi, pamaso pa munthu wa msinkhu wa mwana wanga. Ati, "Pepani bambo, koma munalemba nokha kuti moyo wa munthu suyembekezera komiti." Ndinalembadi. Ndinadulanso mzere kunsi kwake.

Pafomu, pamene palembedwa kuti khomo lothawira ndi lotseguka, achonga.

A Namakhwa ati, "Paja ndimati tidzaziona. Taziona."

Loweruka

Chiperoni sichinasinthe maganizo.

Kutchalitchi zayenda bwino, kumeneko denga lilipo. Madyerero ali pansi pa mango, kutsogolo kwa holo yokiyidwa, poti makadi akunena malo amenewa ndipo kwina kokwana anthu kulibe. Makiyi ali m'thumba la suti yanga, akundibaya ntchafu.

Malona awiri obwereka kwa ogula nandolo tawamanga kumtengo. Madzi akusonkhana pakati, akachuluka akutsikira patebulo la akuchimuna. Azakhali a mkwati avala mapulasitiki othyolera tiyi pamwamba pa zitenje za ukwati. Keke ili ndi ambulera yakeyake ndi munthu woigwirira. Woulutsa mawu akuti, "Amene simukudziwa malo, bwerani pachikwangwani cha bambo a mkwatibwi!" Wanena kasanu.

Chikwangwanicho chili kumbuyo kwenikweni kwa mipando ya akwati, poti ndi pokhapo posadontha. M'mawa ndinayesa kuchizula. Simenti ija inagwira bwino.

A Mulipa abwereka chiwaya china, akukazinga nkhuku chapatali, alibe nsidze. Theka la alendo lili kwa iwo, kuotha moto. Mchere wachuluka.

Bambo a mkwati ati ku Milonde holo yawo ndi yaing'ono koma sinapsepo. Ndawathokoza.

Wojambula akuti chikwangwani chikuoneka pachithunzi chilichonse, pamwamba pa mitu ya akwati, ndipo kuchichotsa sangathe.

Esnati wavina. Diresi lija lafiira ndi dothi la kuno kuyambira kunsi mpaka m'mawondo. Milomo ikunjenjemera koma akumwetulira aliyense. Itafika nthawi ya makolo, ndavina kupita kutsogolo, wandigwira dzanja, zala zake zili zii. Ati, "Ababa, musadandaule. Ukwati umenewu anthu sadzauiwala." Kenaka wandikonza kolala.

Apa mpamene zandipweteka. Akanandinyoza, bwenzi ndili ndi choyankha. Ndachita manyazi, ndakaima kuseri kwa mtengo mpaka nyimbo yatha.

Chakudya amake Esnati andipatsira kudzera mwa alamu anga.

Lamulungu

Dzuwa lawala. Phiri likuoneka mpaka pamwamba, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

Nditaweruka kutchalitchi ndadzera kuholo. Komiti yakumana m'mamawa, ine osaitanidwa. Poopa kuti akuba angalowere pakhomo lopanda chitseko n'kutenga mipando, a Namakhwa akhomapo malata awiri ndi misomali ikuluikulu, mkati ndi kunja. Akuti ndi zongoyembekezera. Loko uja nayenso anali wongoyembekezera.

A Mulipa abwerera pamalo pawo. Akuti malata akutchinga mphepo bwino kuposa thabwa, komanso sapsa. Kalendala yatsopano apachika kale. Andipatsa tchipisi, ndadya.

Mazira aswa, anapiye asanu ndi anayi. Mlonda akuti mmodzi ndi wanga. Ndowa ziwiri zabwezedwa, azitsuka ndi mchenga uja mpaka mawu akuti MOTO afufutika. Wenzulo ndapereka kwa azimayi a mpira wamanja.

Kukhoma malata pakhomo lothawira moto ndi mlandu woposa wa loko. Ndime yake ndikuidziwa, ofesi yake ndikuidziwa. Kunyumba ndakhala pakhonde, ndang'amba tsamba loyera kumapeto kwa bukuli, ndalemba kuti, "Okondedwa Mayi Woyendera."

Amake Esnati aima kumbuyo kwanga. Mawu awo oyamba kwa ine chichokereni Lachisanu: "Mng'ono wake wa Esnati akukwatiwa mu Okutobala. Mukaimaliza kalatayo, yankho lake lidzakupezani kwanu."

Ndine mkamwini, ndipo kwathu kunangotsala chitsa cha mango ndi manda. Pepala lija ayatsira mbaula.

Madzulo ano ndili mkati, ndikuyang'ana nyumba yathuyi. Ili ndi khomo limodzi lokha. Mazenera ali ndi zitsulo. Chitseko chimatsegukira mkati, ndipo mbaula amaiika pafupi nacho penipeni.

Ndasendeza mpando wanga pang'ono.